Kusintha Zida pa Njinga Yamoto ndi Mtengo Wake Tsiku Logulitsa

Munthu akagula njinga yamoto, sipapita nthawi asanayambe kuisintha. Amachotsa ekizozi ya kufakitale n'kuikapo yolira kwambiri, amasintha magalasi, amawonjezera nyali, mwinanso n'kupenta thanki. Zonsezi zimadya ndalama, ndipo mwini wake saziiwala ndalamazo. Tsiku logulitsa likafika, iye amatenga mtengo wa njinga n'kuphatikizapo zonse zimene anawonongerapo. Wogula sawerengera choncho. Amayambira pa mtengo wa njinga ya mtundu womwewo, ya chaka chomwecho, imene sinasinthidwe kalikonse, kenako amachotsera pa chilichonse chimene chikumukayikitsa. Anthu awiriwa akayamba kunenerera, kawirikawiri msika umakhala ku mbali ya wogula.

Njinga yogwiritsidwa ntchito kale imagulidwa ndi mantha. Wogula sakuona m'kati mwa injini, sakudziwa mmene mwini wake ankayendetsera, ndipo ali ndi nthawi yochepa yoti asankhe. Chimene akulipirira kwenikweni ndi mtendere wa mumtima. Njinga imene ili monga inatulukira kufakitale imamupatsa mtenderewo, chifukwa zimene zalembedwa m'buku lake zikugwirizana ndi zimene akuona, makaniko aliyense angathe kuikonza, ndipo masipeya ake ali ndi manambala odziwika. Koma chida chilichonse chosinthidwa chimadzutsa mafunso. Anachiika ndani? Anachiika bwino? Nanga pa nthawi yonse imene chakhala pamenepo, chawononga chiyani? Funso likasowa yankho, wogula amalisandutsa ndalama zochotsera pa mtengo.

Palinso nkhani ya kuchuluka kwa ogula. Njinga ya mtundu wake wa kufakitale ingakope aliyense amene akufuna njinga yotero. Mukaipenta mwanjira yanu ndi kuijambula malawi a moto m'mbali, mwatsala ndi ogula okhawo amene amakonda zimene inu mumakonda. Ogula akachepa njinga imakhalitsa pamsika, ndipo wogulitsa amene wadikira miyezi itatu amavomera mtengo umene akanaukana tsiku loyamba. Madilala amazidziwa bwino zimenezi. Mukapita ndi njinga yosinthidwa kuti musinthitse ndi yatsopano, ambiri sawerengera zowonjezerazo, ndipo ena amatsitsa mtengo poganizira ntchito yoibwezeretsa mwakale.

Ekizozi ndi kapumidwe ka injini

Ekizozi ndi imene anthu amathamangira kusintha, ndipo kusintha kwake kuli pawiri. Ena amangochotsa chigubu chakumapeto, chija chimachepetsa phokoso, n'kulowetsapo china chotchedwa slip-on. Imeneyi ndi ntchito ya mabawuti awiri kapena atatu ndi chomangira chimodzi, ndipo ingabwezedwe pa ola limodzi. Ena amachotsa ekizozi yonse kuyambira pamutu wa injini, pamodzi ndi catalytic converter, kachipangizo kamene kamachepetsa utsi woipa. Kusintha kwachiwiriku kumakhudza mmene injini imapumira, ndipo wogula wodziwa amakuyang'anitsitsa.

Injini ya petulo imafuna kuti mpweya ndi mafuta zisakanikirane pa mlingo woyenera. Kuti petulo apse yense pamafunika magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake. Injini ikamakoka mwamphamvu imafuna petulo wochulukirapo, pafupifupi magawo 13 a mpweya pa gawo limodzi, chifukwa petulo wowonjezerayo amathandizanso kuziziritsa m'kati mwa silinda. Ekizozi yotseguka imachulukitsa mpweya wodutsa mu injini. Ngati petulo sanawonjezeredwe molingana, injini imatentha kuposa mmene anaipangira. Imaphulikaphulika mukachepetsa moto, imazengereza mukauwonjezera, ndipo zikapitirira kwa makilomita ambiri mavalavu otulutsa utsi amapsa, pisitoni nayo n'kuwonongeka pamwamba.

Pa njinga ya kabuleta, mankhwala ake ndi kusintha majeti, omwe ndi timabowo todutsa petulo, ndi kukweza singano ya kabuletayo. Pa njinga ya fuel injection, imene kompyuta ndiyo imayeza petulo wolowa mu injini, amalembanso pulogalamu ya kompyuta ya injini, imene imatchedwa ECU, kapena amalumikiza kabokosi kapadera monga Power Commander ya kampani ya Dynojet, kenako njinga imayesedwa pa makina otchedwa dyno. Makinawa amatulutsa pepala losonyeza mphamvu ya injini ndi mlingo wa mpweya ndi petulo pa liwiro lililonse la injini. Wogulitsa amene ali ndi pepala limeneli ndi lisiti la galaja imene inagwira ntchitoyo wayankhiratu mafunso a wogula. Amene alibe akungouza wogula kuti amukhulupirire pakamwa. Wogula wochenjera amamasula pulagi n'kuona nsonga yake, makamaka pa injini za kabuleta. Ikakhala yofiirira mopepuka zinthu zili bwino. Ikakhala yoyera ngati choko petulo akuchepa, ndipo ikakhala yakuda ndi mwaye petulo akuchuluka.

Dzina la ekizozi lilinso ndi gawo lake. Zopangidwa ndi makampani odziwika monga Akrapovič, Yoshimura kapena Arrow zimasunga mtengo wake ngati chida pachokha, ndipo pali ogula amene amazikonda. Komabe ndalama zake zimabwerera bwino mukaimasula n'kuigulitsa padera kusiyana ndi kuisiya pa njinga, chifukwa munthu amene akufunafuna ekizoziyo ndi amene angailipire bwino, pamene wogula njinga amaiona ngati basera. Ekizozi yopanda dzina, yowotcherera mwachisawawa, imatsitsa mtengo. Wogula amadziwa kuti adzafunika kugula ya kufakitale, ndipo imeneyo ndi imodzi mwa zida zodula kwambiri pa njinga yamakono, popeza m'kati mwa catalytic converter muli zitsulo zamtengo wapatali monga platinum, palladium ndi rhodium.

Malamulo amawonjezera vutoli. Ku Ulaya lamulo la utsi lotchedwa Euro 5 linayamba kugwira ntchito pa mitundu yatsopano ya njinga mu 2020, ndipo ekizozi yololedwa pamsewu imakhala ndi chizindikiro cha chilembo cha e ndi nambala chodindidwa pachitsulo. Ku United States, mu 2016 kampani ya Harley-Davidson inavomera kulipira chindapusa cha madola 12 miliyoni chifukwa chogulitsa timabokosi tosinthira pulogalamu ya injini timene tinkachulukitsa utsi. Kulikonse kumene njinga imayesedwa isanaloledwe pamsewu, ekizozi yosaloledwa imasiyira wogula ntchito ndi ndalama zoti awononge asanayambe n'kuyenda komwe. Onaninso kachitsulo kochepetsa phokoso kamene kamalowa kumapeto kwa ekizozi zambiri zogula padera. Anthu amakachotsa n'kukataya, koma popanda iko ekizozi imene inali yololedwa imakhala yosaloledwa.

Sefa ya mpweya ili ndi nkhani yofanana. Kusintha sefa ya pepala n'kuikamo yochapika m'bokosi lomwelo sikudetsa nkhawa, bola izichapidwa ndi kudzozedwa mafuta ake moyenera. Kuchotsa bokosi lonse n'kumangirira timasefa tating'ono pakamwa pa kabuleta ndiye kolakwika. Makabuleta ambiri a njinga za pamsewu amadalira mpweya wodekha wa m'bokosimo kuti singano ikwere ndi kutsika bwino. Bokosi likachoka, njinga imavuta kuichuna, imatsamwa mphepo ikawomba cham'mbali, ndipo mvula ikagwa sefa imamwa madzi. Fumbi likadutsa limapala silinda ndi mphete za pisitoni, ndipo kuwonongeka kumeneku sikuoneka kunja.

Kukuza silinda, kusintha camshaft, chitsulo chimene chimatsegula mavalavu, kapena kusema mutu wa injini ndi zosintha zimene mwini amanyadira kwambiri, komanso ndi zimene wogula amaziopa kwambiri. Silinda yokuzidwa imakhala ndi khoma lopyapyala ndipo imatentha msanga. Mphamvu yowonjezereka imagwera kilatchi, magiya ndi mabeyaringi zimene anazipangira mphamvu yochepa. Injini ikamafinya mpweya kwambiri imafuna petulo wa octane yokwera, amene saphulika yekha msanga akafinyidwa, apo ayi imagogoda. Ngakhale ntchitoyo itagwiridwa mwaluso, wogula amaganiza chinthu chimodzi: munthu amene analipira kuti injini ikhale yamphamvu sanali kuyenda pang'onopang'ono. Amaganizanso chimodzimodzi akaona mabawuti obooledwa timabowo todutsitsa kawaya pa chotsekera oilo ndi pa mabuleki, chifukwa zimenezo zimachitika pa njinga zothamangira pa bwalo la mpikisano.

Mawaya

Ngati pali malo amene njinga yabwino imatayira mtengo wake mosadziwika, ndi pansi pa chishalo ndi kuseri kwa nyali yakutsogolo. Kunja njinga ikuwala, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chotsani chishalo muone. Mukapeza mawaya opotana ndi manja n'kukulungidwa tepi yakuda imene yayamba kumatuka, kapena tizolumikizira tija timaluma chikopa cha waya kuti tikhudze kopa wam'kati, dziwani kuti madzi analowa kale. Kopa amachita dzimbiri lobiriwira, magetsi amayamba kudutsa movutikira, pamalopo pamatentha. Vuto lotere limabwera n'kupita lokha. Lero njinga yalira, mawa yakana, ndipo makaniko angathe kutha maola ambiri akulisaka. Kusintha mtolo wonse wa mawaya kumafuna kuchotsa thanki, bokosi la sefa ndi zophimba zonse. Wogula amene anazionapo zimenezi amabwerera asanafunse n'komwe mtengo.

Mphamvu ya magetsi nayo ili ndi malire. Nyali ziwiri zowonjezera za mawati 55 iliyonse zimadya mawati 110, omwe ndi maampu pafupifupi 9 pa mavoti 12. Njinga zing'onozing'ono zilibe magetsi otsala ochuluka chotero. Batire limakhala losadzaza, ndipo kulikakamiza tsiku ndi tsiku kumalifupikitsira moyo. Kuyeza kwake n'kosavuta. Ikani mita yoyezera mavoti pa batire injini ili chete, ndipo batire labwino lisonyeza mavoti pafupifupi 12.6. Lizani injini, ifike pozungulira ka 4,000 kapena 5,000 pa mphindi (rpm), ndipo mita ikwere kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Kenako yatsani zonse zowonjezera. Mita ikatsika pansi pa 13, njingayo ikudya magetsi ambiri kuposa amene ikupanga.

Ntchito yogwiridwa bwino imadziwika msanga. Chowonjezera chilichonse chimatenga magetsi ku batire kudzera pa fyuzi yake imene ili pafupi ndi batirelo, chimayatsidwa ndi relay, kaswichi koyendera magetsi, ndipo chimalumikizidwa ndi mapulagi olowa m'mapulagi a kufakitale popanda kudula waya. Njinga zambiri zamakono, monga za BMW, zili ndi makompyuta angapo amene amalankhulana kudzera pa mawaya a CAN bus, ndipo kuba magetsi pa waya wolakwika kumayatsa nyali zochenjeza kapena kuzimitsa mbali imeneyo. Maindiketa a LED akamaphethira mofulumira kwambiri, ndiye kuti woika sanasinthe relay yake kapena sanaike ma resistor, tizipangizo tochititsa kuti ma LED adye magetsi ngati mababu akale. Ndi kanthu kakang'ono, koma kamauza wogula mtundu wa manja amene anagwira njingayo. Ma alamu ogula padera ndiwo amavutitsa kwambiri, chifukwa amalumikizidwa pa mawaya oyatsira injini, amamwa batire njinga ikangokhala, ndipo akafa amafa ndi njinga yomwe.

Zosabwezeka

Chida chomangidwa ndi mabawuti chimamasulidwa. Chitsulo chodulidwa sichimera. Anthu okonda njinga za maonekedwe a café racer kapena bobber amadula felemu lakumbuyo, amasema timakutu tomangirapo zophimba, n'kuwotcherera chitsulo china chopindika. Ntchitoyi imadya miyezi ndi ndalama zambiri, ndipo zina zimatuluka zokongola ndithu. Koma pogulitsa, wogula akuyang'ana felemu limene mphamvu yake palibe amene anaiyeza, malo a wokwera wachiwiri atachoka, ndi mudigadi yaifupi imene imamwaza matope kumsana ndi pa mawaya. Mafelemu a aluminiyamu ndiwo ovuta kwambiri, chifukwa kutentha kwa kuwotcherera kumafooketsa chitsulo chozungulira pamalopo.

Pafupi ndi khosi la felemu pamakhala nambala ya njinga, imene pa njinga zamakono ili ndi zilembo ndi manambala 17. Penti wokhuthala akaikwirira kapena wina akaipala pokonza, njingayo imaoneka ngati yakuba ngakhale isali yakuba, ndipo kusintha umwini kumavuta. Amene akupenta felemu aphimbe nambalayi ndi tepi asanayambe.

Penti watsopano amadzutsa funso lakuti njingayi inagwa kapena ayi. Wogula amayang'ana nsonga za mahandulo, zopondera, m'mphepete mwa injini, ndi timiyendo timene timaletsa mahandulo kupitirira pokhota. Zomata za pulasitiki zokulunga thanki ndi zophimba zili bwinoko, chifukwa zimamatuka ndi mpweya wotentha n'kusiya penti wa kufakitale ali wotetezeka.

Miyendo ya njinga

Kutsitsa njinga kuti wamfupi afike pansi ndi chinthu chomveka, ndipo wogula wamfupi angakondwe nacho. Koma chichitike mokwanira. Mukasintha zitsulo zolumikiza shock yakumbuyo, chida cha sipiringi chofewetsa mabampu, kutsogolo kuyeneranso kutsika molingana pokweza mafoloko m'zomangira zake, apo ayi njinga imalemera pokhota. Sitandi yam'mbali imakhala yaitali kwa njinga yotsitsidwayo, njinga imaima chilili ndipo kamphepo kangathe kuigwetsa. Zopondera zimakhudza msewu msanga pokhota, ndipo pa bampu tayala lingagunde pansi pa chishalo. Ambiri amadula sitandi n'kuiwotchereranso, ndipo wogula wamtali ayenera kugula ina.

Tayala lalikulu kuposa limu ndi cholakwika chofala. Limu ya mainchi 4.5 imayenerana ndi tayala la 160, ndipo tayala la 180 limafuna limu ya mainchi 5.5. Mukakakamiza la 180 pa limu yopapatiza, tayalalo limafinyika, maonekedwe ake amasintha, ndipo njinga imagwera m'khona mosayembekezereka. Wogula amaliwerengera ngati tayala loti asinthe. Awerengenso manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT zolembedwa m'mbali mwa tayala. Akaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019, ndipo ngakhale mizere yake ikhale yakuya, labala wake wakalamba.

Masipuloketi, timagudumu ta mano toyendetsa tcheni, amasokoneza chinthu chimene wogula amadalira kwambiri, chomwe ndi makilomita. Tinene kuti njinga inabwera ndi mano 15 kutsogolo ndi 45 kumbuyo. Mwini akaika ya mano 14 kutsogolo, njinga imanyamuka mwachangu, koma injini imazungulira mowonjezereka ndi 7 peresenti pa liwiro lomwelo. Pa njinga zimene sipidomita imawerenga kuchokera ku magiya, makilomita 10,000 enieni amalembedwa ngati 10,700. Akaika ya mano 16 zimatembenuka, sipidomita imalemba ochepa kuposa amene njinga yayenda. Sipuloketi yaing'ono imadyanso tcheni msanga, pamodzi ndi kapulasitiki kamene tchenicho chimatsetserekapo. Izi zimabwezeka mosavuta, ndipo nthawi yabwino ndi posintha tcheni, popeza tcheni ndi masipuloketi onse awiri zimasinthidwa pamodzi.

Pa mabuleki, mapaipi okutidwa ndi chitsulo choluka ndi chosintha chabwino, chifukwa makampani ambiri amalangiza kusintha mapaipi a labala pakapita zaka zinayi. Zogwirira za buleki zotchipa, zija zamitundu yowala, ndi zoopsa. Ngati kamutu kake katalika pang'ono chabe, kamakankha pisitoni ya master cylinder, kapampu kokankha mafuta a buleki, n'kutseka kabowo kobwezera mafuta. Buleki imayamba kugwira yokha, mafuta amatentha n'kufufuma, ndipo gudumu lakutsogolo lingathe kumangika muli pa liwiro. Kuchotsa ABS, chipangizo choletsa magudumu kumangika pomanga buleki, nako kumagwetsa mtengo. Ku Ulaya ABS inakhala yokakamiza pa mitundu yatsopano ya njinga zoposa 125cc kuyambira 2016, ndipo ogula ambiri tsopano amaifuna.

Zimene zimathandiza

Si chosintha chilichonse chimene chimapweteka. Zimene zimagwira ntchito yooneka pa mtundu wa njingayo zimathandiza kuti igulidwe msanga, ngakhale sizibweza ndalama zake zonse. Pa njinga ya maulendo ataliatali, mabokosi a katundu okhala ndi makiyi ake, kaliyala wolimba, galasi lotchinga mphepo, sitandi yapakati, zitsulo zoteteza injini ikagwa ndi mbale yoteteza pansi pa injini ndi zinthu zimene wogula akanagula yekha. Zikakhala za kampani yomwe inapanga njingayo, zoikidwa ndi dilala ndipo zili pa lisiti, zimalandiridwa bwino koposa. Shock yabwino, monga ya Öhlins, imakopa wodziwa, koma auzidwe kulemera kwa munthu amene sipiringi yake anaisankhira ndi tsiku limene inakonzedwa komaliza. Sipiringi ya munthu wa makilogalamu 110 imakhala youma kwa wa makilogalamu 65.

Tisiyanitsenso kusintha ndi kusamala. Matayala atsopano a saizi yoyenera, tcheni ndi masipuloketi zatsopano, mafuta a mabuleki osinthidwa pasanathe zaka ziwiri, ndi lisiti losonyeza kuti mipata ya mavalavu inayezedwa pa nthawi yake, zimenezi zimalimbitsa mtengo kuposa ekizozi iliyonse. Zimamvetsa chisoni kuona njinga yodzaza ndi zokongoletsa zodula koma tcheni chili chouma ndi dzimbiri, chifukwa ndalama zinapita kolakwika ndipo wogula amaziona.

Pa njinga zakale zimene anthu amasunga, nkhaniyi imakula kwambiri. Honda CB750 ya 1969 ndi Kawasaki Z1 ya 1972 zinatuluka ndi mapaipi anayi a ekizozi. Eni ake ambiri anawachotsa atachita dzimbiri, kapena pofuna yopepuka yolumikiza anayiwo kukhala imodzi. Lero njinga imene ikadali ndi mapaipi ake enieni, penti wake woyamba ndi bokosi lake la sefa imafunidwa kwambiri kuposa yosinthidwa, ngakhale pentiyo atafwifwa.

Njinga ikakhala yatsopanoko, wogula amafunsanso za waranti. Ku United States lamulo la Magnuson-Moss la 1975 sililola kampani kuthetsa waranti yonse chifukwa chakuti mwaikapo chida cha kampani ina, koma kampaniyo ingakane kukonza chimene chawonongeka chifukwa cha chidacho. Injini ikafa pulogalamu ya ECU itasinthidwa, mkangano wake ndi wovuta kupambana. Makampani a inshulansi nawo amafuna kuuzidwa zosintha, makamaka zowonjezera mphamvu. Zimenezi zingakweze ndalama zolipira, ndipo zikabisidwa kampani ingakane kulipira pa ngozi. Wogula amatenga katundu ameneyu pamodzi ndi njinga.

Poika, pogulitsa ndi pogula

Mtengo wa tsiku logulitsa umatetezedwa tsiku loika chidacho. Jambulani zithunzi musanamasule kanthu. Chida chilichonse cha kufakitale chisungidwe m'katoni pamalo ouma, mabawuti ake ali m'kathumba kolembedwa, ndipo ekizozi ipoperedwe mafuta oletsa dzimbiri n'kutsekedwa kukamwa ndi nsanza. Musadule waya kapena chitsulo ngati pali njira ina. Amene akusintha pulogalamu ya ECU akusungireni yoyambayo. Lembani tsiku ndi makilomita pa lisiti lililonse.

Pogulitsa, yerekezerani zinthu zitatu: mtengo wa njinga zosasinthidwa zofanana ndi yanu, mtengo umene zida zanu zingagulidwe pazokha, ndi ndalama zobwezera zakale. Nthawi zambiri kubwezera n'kugulitsa zida padera kumabweretsa zambiri. Musachedwe nazo, chifukwa chida chopangidwira mtundu umodzi wa njinga chimasowa ogula mtunduwo ukamakalamba. Pobwezera ekizozi, thirani mafuta ofewetsa dzimbiri pa manati a pamutu wa injini usiku wonse, chifukwa chitsulo chake chikathyokera m'mutumo ntchito imakula. Ikani magasiketi atsopano, ndipo mangani pa mlingo wolembedwa m'buku. Bwezeraninso majeti kapena pulogalamu yoyamba. Ambiri amaiwala zimenezi, ndipo injini imamwa petulo wambiri pa ekizozi ya kufakitale, mapulagi amada, catalytic converter n'kuwonongeka ndi petulo wosapsa. Zimene simungathe kubwezera zitchuleni poyera polengeza malonda, pamodzi ndi dzina la chida ndi malisiti ake. Wogula akazitulukira yekha amakayikira ndi zina zonse zimene mwanena.

Wogula afunse katoni ya zida za kufakitale asanayambe kunenerera, ndipo chosowa chilichonse afufuze mtengo wake n'kuuchotsera. Apemphenso kuti injini isalizidwe iye asanafike. Akafika agwire paipi ya ekizozi pafupi ndi injini kuti atsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa injini yochunidwa molakwika imabisa mavuto ake ikatentha. Yozizira ilire msanga, ikhazikike popanda kuigwirira moto, ndipo nyali zochenjeza za injini ndi oilo ziyake potembenuza kiyi kenako zizime ikalira. Ya ABS pa njinga zambiri imazima njinga ikayamba kuyenda. Nyali imene siyaka n'komwe potembenuza kiyi ifufuzidwe, chifukwa pali ena amene amaidula waya kuti isaulule vuto limene kusintha kwawo kunabweretsa.